Chidendene Kunja kwa Thabwa

Burgi anachiona m'mawa, dzuwa lisanafike pamwamba pa phiri pomwe mpikisano wotsetsereka pa chipale chofewa umayambira, ndipo atangochiona analakalaka akanadzera njira ina.

Anakwera msanga kuti akasiye chikwama kuseri kwa kanyumba koyambira, komwe opikisana onse amazika matabwa awo otsetserekera m'chipale ngati mpanda. Pakati pa matabwawo panali latsopano la mng'ono wake, Vroni, lakuda bii, lalitali, lowonda m'chiuno kuposa onse. Burgi sanafune kuliyang'ana. Koma munthu amene wakhala akumanga matabwa kuyambira ali kamtsikana, maso ake amathamangira okha ku zopanira jombo, monga telala amayang'anira msoko pa malaya a mlendo. Chopanira chakutsogolo chinali bwino. Chakumbuyo ndiye ayi. Chitsulo chogwira chidendene chinasuzumira kunja kwa mpeni wa m'mphepete mwa thabwa, pang'ono pokha, ngati kunenepa kwa chala.

Anadziwa pomwepo chimene mwanayo anachita. Anangotengera mmene anamangira pa thabwa lake lakale, lija lofiira lotakata, n'kumanga chimodzimodzi pa lowondali. Ayi ndithu, Vroni! Thabwa likawonda, jombo umazipotozera kutsogolo kwambiri kuti zibisale mkati mwa mipeni iwiriyo. Jombo zathuzi n'zapulasitiki wouma gwa, sizipindika kuti zikukhululukire. Pamalo osatsetsereka kwambiri sungamve kanthu, ukhoza kutsika tsiku lonse ukuimba nyimbo. Koma pali phompho pakati pa njira, limene onse amangolitcha Khoma, pomwe umagoneka thabwa mpaka chiuno kupukuta chipale. Pamenepo chidendene chotere chimayamba ndicho kugunda pansi, n'kuzula mpeni, ndipo ukatero ulibenso chogwira. Pa atsikana onse a tsikulo panalibe wogoneka thabwa ngati Vroni.

Sikuludiraiva inali m'thumba la jekete lake. Kantchito kake kakanatha khofi asanazizire m'kapu. Burgi anaima manja ali m'thumba, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anasiya chikwama chija n'kuchokapo.

Nkhani yake inali iyi. Kumayambiriro kwa sabata a Ladurner, kochi wawo, anawakhazika pansi awiriwo n'kunena mosazungulira kuti mu timu ya dziko mwatsala malo amodzi a mtsikana, ndipo amene atsogole mnzake Loweruka, malowo ndi ake. Vroni anangoseka, poti kwa mwana amene sanakwanitse n'komwe zaka makumi awiri, chaka chamawa chili pakhomo pomwepa. Burgi sanaseke. Iye zaka makumi atatu zinali zitamusuzumira kale, bondo lakumanja linali ndi zipsera za madokotala, ndipo a Ladurner sanachite kunena kuti akaphonya apa kwatha, aliyense ankadziwa. Akaluza, kwake kunali kubwerera kuhotela ya amalume awo kukanyamula mbale za supu, kumamwetulira alendo ofunsa kuti, "Kodi si inu munkapikisana kale?" Liwu lakuti kale limenelo linkamuwawa ngakhale lisananenedwe.

Chimwalirireni bambo awo, matabwa a onse awiri ankakonza ndi Burgi. Ndiye ankanola mipeni ndi tupa, kusitira phula ndi simbi, kumanga zopanira, Vroni atakhala pa benchi akugwedeza miyendo. Koma thabwa lakudali litangofika, mwanayo analikumbatira m'galaja muja ngati wina amulanda.

"Asisi, ili mulisiye. Ndimanga ndekha."

"Iwe? Sikuludiraiva umaidziwa kogwira?"

"Ndiphunzira. Inu mumandimangira ngati mukumangira agogo opita kutchalitchi. Komanso Loweruka ndife adani, mwaiwala?"

"Chabwino, mayi. Mwakula."

Ananena moseka onse awiri, koma Burgi zinamulasa mumtima, ndipo zinali zisanapole.

Ndiye pali lamulo limene silinalembedwe paliponse, loti tsiku la mpikisano sukhudza thabwa la mnzako. Olo ligwere pamapazi pako, umaitana mwini wake. Burgi anagwira lamulo limenelo ndi manja awiri. Koma tinene zoona, lamulolo limamanga manja, silimanga pakamwa, ndipo iye ankadziwa zimenezo bwinobwino. Chimene chinamupatsa pobisala n'chakuti m'mawa chipale chinali chofewerako, ndipo Vroni anali atanena kuti ayamba ndi lofiira, lakudalo alisungira masana, mthunzi ukagwa pa Khoma n'kuumitsa pansi ngati galasi. Mwina safika n'komwe masana, Burgi anadzinyengerera. Mwina wina amuchotsa m'ndime zoyamba, ndiye ndiputirenji mkangano? Akalitenga ndimuuza. Nthawi ilipo.

Mpikisano unayamba. Amatsika awiriawiri, mbali ndi mbali, wina akukhotakhota pa mbendera zofiira wina zabuluu, ndipo wofika pansi mochedwa amanyamula katundu wake. Burgi sankatsika mokongola, ankatsika mwanzeru. Mbendera isanafike amakhala atayamba kale kupendeketsa thabwa ndi mawondo, mapewa ali phee kuyang'ana kumene mphuno ya thabwa ikuloza, n'kulola mpeni ulume wokha. Ukaluma, amauponda ndi phazi lakumbuyo, thabwa n'kupindika ngati uta, n'kumuponyera ku mbendera inayo. Woyamba anamusiya kutali. Wachiwiri anamuvutitsa mpaka pansi, koma Burgi anatambasula dzanja pamzere n'kumupitirira. Bondo linayamba kulankhula, iye analiuza kuti likhale chete.

Vroni ndiye sankavutika n'komwe. Ena akamakhota amapala chipale, fumbi loyera n'kumwazika, ndipo fumbi lililonse ndi liwiro lotayika. Vroni sankapala. Kumbuyo kwake kunkatsala kamzere kamodzi kopyapyala ngati padutsa lumo. Pa Khoma ankadzigwetsera mkati mwa kona mopanda mantha, chiuno pansi, dzanja likusisita chipale, anthu n'kukuwa poganiza kuti wagwa, iye n'kudzuka ali kale pa mbendera ina. Burgi ankaonera ali pamwamba, ndipo mumtima mwake munali zinthu ziwiri zikukankhana. Ankanyada, poti amene anaphunzitsa mwanayo kugoneka thabwa chotero ndi iye. Ankaopanso, poti ankaona ndi maso ake kuti pa thabwa lokonzeka bwino mwanayo sangamupeze.

Nthawi ya nkhomaliro anakwera limodzi pa mpando wolendewera pa chingwe, wokwezera anthu paphiri. Vroni anatulutsa buledi wakuda wokhala ndi nyama ya nkhumba yowamba imene mayi awo anawakulungira, anamunyema pawiri, mbali yaikulu n'kupatsa mkulu wake.

"Idyani, nkhalamba. Mungakomokere pa Khoma anthu n'kumati ndakumanani chakudya."

"Pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

"Mwaliona lakuda lija?"

"Ndaliona."

"Ndamanga ndekha, mwaona? Ndinakaliyesa kumunsi kuja kotsetsereka ana asukulu, likuyenda ngati likudziwa njira. Nenani, asisi, musandibisire. Mwapezapo cholakwa?"

Apa ndiye panali pake. Mwanayo anachita kutsegula yekha chitseko n'kumuitana kuti alowe. Pansi pa mapazi awo Khoma linkadutsa pang'onopang'ono, amuna okonza njira akupala maenje ndi mafosholo, ndipo m'mbali mwake ukonde wotchingira unkagwedezeka ndi mphepo. Burgi anayang'ana ukondewo. Kenaka anaona mbale za supu, zitatu padzanja limodzi, ndi kumwetulira kuja.

"N'lokongola," anatero.

"Basi?"

"Basi. Ukufuna ndiliimbire nyimbo?"

Vroni anaseka n'kumugunda ndi phewa, mpando wonse n'kugwedezeka. "Nsanje, asisi, nsanje! Ndinadziwa kuti simupeza chonena."

Buledi wotsalayo Burgi anamuponya pansi Vroni atayang'ana kumbali.

Masana mthunzi wa phiri unatsika n'kuphimba Khoma lonse. Kunazizira mwakuti tsitsi la m'mphuno linkauma. Atsikana awiri anagwa pamenepo motsatizana, mipeni yawo itakana kuluma, ndipo pamene ndime zonse zinatha, wolengeza anakuwa mokondwa kuti otsala ndi apachibale, mkulu ndi mng'ono wake, bere limodzi. Kumunsi anthu anagwedeza mabelu a ng'ombe, phokoso n'kukwera mpaka pamwamba. A Ladurner anali kumunsi komweko, pamzere womalizira, ndi wailesi yawo pachifuwa.

Vroni anapita kuseri kwa kanyumba, anazika lofiira, n'kuzula lakuda.

Burgi anamuona akuliika pansi, akugogoda jombo kuchotsa chipale, akulowetsa chidendene, akuwerama n'kutseka chopanira, khapa! Chidendene chija chinali panja, chikuonekera ngati dzino lotuluka. Anali atadzilonjeza kuti akalitenga amuuza. Walitenga tsopano. Koma panali atsikana ena pafupi akuwafunira mafuno abwino, wina akumukonza nambala yapamsana, wina akumupatsa madzi, ndipo Burgi anadikira. Mukandifunsa chimene ankadikira, ine ndinganene kuti ankadikira nthawi ithe, kuti adzathe kunena kuti inatha yokha.

Analowa m'makomo oyambira, Burgi kofiira, Vroni kwabuluu, pakati pawo mpata woti munthu mmodzi n'kudutsa. Anagwira zogwirira. Mkulu woyambitsa, wandevu zoyera ndi chisanu, anamvetsera wailesi yake n'kunena kuti njira yatseguka.

Ndipo apo ndi pamene mantha enieni anamugwira Burgi. Anaona ukonde uja, anaona liwiro limene mwanayo amalowa nalo pa Khoma.

"Vroni."

Vroni sanatembenuke. Maso anali kutsogolo.

"Vroni, tamvera. Chidendene chako chakumbuyo chili panja. Chikazula mpeni pa Khoma. Kweza dzanja, uwauze adikire."

Mwanayo anatembenuza mutu pang'ono, ndipo Burgi anaona mano akuwala pansi pa magalasi.

"Aaa, asisi! Mpaka ine? Si nkhani yomweyo munamuuza mtsikana wakuchigwa chinacho uja, mpaka anatsika akuyang'ana mapazi ake?"

Zinalidi choncho. Pakhomo loyambira anthu amanamizana, ndi mbali ya masewerawa. Wina amati chopanira chako chamasuka, wina amati kochi wako akukuitana, zonsezo kuti mtima wako uchoke panjira. Burgi anali katswiri wa zimenezo, ndipo anachita kumukhazika pansi Vroni ali wamng'ono n'kumulangiza kuti pakhomo paja mnzako akakuuza kanthu uzitseka makutu, olo anene kuti kwanu kukupsa.

"Sindikunama, iwe! Tayang'ana wekha!"

"Ndamva, ndamva. Tikaonana pansi, nkhalamba."

"Wofiira wakonzeka?" anafunsa mkulu wandevu uja.

Burgi nayenso anali ndi dzanja. Akanangolikweza, mkuluyo akanaimitsa zonse. A Ladurner akanakalipa pa wailesi, anthu akanang'ung'udza, jekete linali pomwepo kuseri ndi sikuludiraiva m'thumba, ndipo pasanathe nthawi Vroni akanaima pa thabwa lokonzeka, n'kutsika, n'kumusiya kutali. Dzanja linakhalabe pa chogwirira. Wanena, si wanena? Wamuuza ndi pakamwa pake, wakana yekha. Mlandu wachoka.

"Ndakonzeka," anatero.

"Wabuluu wakonzeka?"

"Kalekale!"

Makina analira, makomo n'kugwa, gubudu!

Burgi anadzikoka ndi mphamvu zonse n'kuuluka. Mbendera yoyamba, kupendekera kuzala za mapazi. Yachiwiri, kuchidendene. Pansi panali pouma zedi, mpeni unkalira ngati akunola chikwanje, ndipo kugwedezeka kwake kunkakwera m'jombo mpaka m'mano. Sanayang'ane kumbali, suyenera kutero, koma m'ngodya ya diso ankaona chithunzi chakuda chikuyenda naye, kenaka chikumupitirira pang'onopang'ono. Thabwa latsopanolo linalidi labwino. Pamalo athyathyathya asanafike pa Khoma, Vroni anali atatsogola ndi thabwa lathunthu, atapinda msana, manja kumbuyo, ngati sakuchita khama n'komwe.

Mwina sagoneka kwambiri, Burgi anapemphera. Ambuye, aope lero lokha. Koma pansi pa pempherolo panali lina, limene sakanalinena mokweza, ndipo onse awiri anali ake.

Nthaka inathera m'maso, Khoma n'kutseguka pansi pawo, lotuwa ndi mthunzi. Mbendera yoyamba ya pamenepo inali yakuzala. Vroni anailowa ngati mwini wake, chifuwa pafupi ndi chipale, kamzere kake kaja kakutsala kumbuyo. Anadzuka, anaponya mawondo mbali inayo, n'kudzigwetsera kuchidendene. Burgi anaona zonse, poti anali kumbuyo. Anaona thabwa lakuda likuimirira ndi mpeni wake, likuimiriraimirira, chiuno chikutsika, ndiye kafumbi kakang'ono koyera kanaphulika pansi pa phazi lakumbuyo.

Khwaa!

Thabwa linachoka pansi ngati wina walikoka ndi chingwe. Vroni anamenyetsa msana, anazungulira, mphuno ya thabwa n'kuzika m'dzenje miyendo ikadali yomangika, thupi n'kupotokera kwina. Kulira kumene analira, Burgi anakumva m'kati mwa chipewa chake cholimba, pamwamba pa phokoso la mpeni ndi mphepo. Kenaka chithunzi chakuda chija chinatsetserekera ku ukonde, ndipo mbendera yofiira inali itafika kale pamaso pake.

Anakhota. Thupi linakhota lokha, monga linaphunzirira kuyambira kale. Mawondo, mpeni, kuponda, mbendera ina. Panalibenso wopikisana naye, akanatha kuima pambali, kumasula jombo n'kukwera wapansi. Koma wopambana ndi amene wadutsa mzere, ndipo Burgi anatsika mbendera zonse zotsala mosaphonya ngakhale imodzi, akulira mokweza ngati mwana.

Anadutsa mzere mabelu ali chete. Anthu onse maso anali kumtunda. Burgi anamasula zopanira n'kutembenuka. Pa ukonde paja panali kanthu kakang'ono kakuda, ndipo sikankadzuka. Amuna awiri ovala zofiira ankatsetserekera komweko akukoka machira.

A Ladurner anabwera wailesi ili pakhutu. "Akulankhula," anatero. "Mutu uli bwino, msana uli bwino. Ndi bondo." Anapumira m'mwamba, kenaka anamugwira dzanja. "Wachita bwino kumaliza. Ambiri akanaima."

Za bondo Burgi ankazidziwa. Ankadziwa mpeni wa dokotala, ndodo zoyendera, miyezi yophunziranso kukwera masitepe, ndiponso mantha amene amatsalira m'mwendo ngakhale chilonda chitapola, aja amakuletsa kugoneka thabwa mpaka pansi. Ena amabwerera, ena sabwerera.

Machira anatsika pang'onopang'ono. Vroni anali atakulungidwa m'bulangete, atamangidwa malamba, nkhope ili mbuu, milomo yotuwa. Mayi awo anathamangira pomwepo akufuula dzina lake. Wina anabweretsa thabwa lakuda lija, ndipo a Ladurner atangoliyang'ana anatukwana.

"Wamanga izi ndani? Burgi, iwe unali kuti?"

"A kochi, musawakalipire asisi," anatero Vroni, mawu akutuluka movutikira. "Ndinamanga ndekha. Anandiuza pamwamba paja kuti ndikweze dzanja, ine ndiye wouma mutu. Ndimayesa akundinamiza."

A Ladurner anaika dzanja paphewa la Burgi n'kulifinya. "Pakhomo loyambira, malo ali pamphuno, iwe n'kumuchenjeza? Ine zaka zonsezi sindinaonepo." Anthu oima pafupi anagwedeza mitu, mayi wina anapukuta misozi, ndipo mayi awo anamuyang'ana Burgi ndi maso othokoza. Burgi analakalaka chipale chitseguke chimumeze.

Vroni anatulutsa zala m'bulangete n'kumukodola. Burgi anagwada, n'kuyandikiza khutu.

"Mwapambana?"

"Eya."

"Chabwino. Bola inuyo kusiyana ndi wina." Anapuma, akuluma mlomo ndi ululu. Kenaka anafunsa, osati mokwiya, koma ndi kamawu kaja ankafunsira ali pa benchi m'galaja, kofuna kuphunzira. "Asisi, kanthu kakang'ono chonchija, munachiona bwanji muli pakhomo? Munachiona liti?"

Yankho linalipo lokonzeka kale. Pomwe umatseka chopanira. Pomwe tinalowa m'makomo. Palibe akanatsutsa, ndipo mwanayo akanakhulupirira, poti ankafuna kukhulupirira. Burgi anayang'ana nkhope yotuwayo, nsidze zili ndi chisanu, ndipo bodza linakana kutuluka.

"M'mawa."

"M'mawa?"

"Usanatsike n'komwe. Mpikisano usanayambe."

Vroni anamuyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Burgi anaona mwanayo akubwerera m'mbuyo tsiku lonse, akuika chilichonse pamalo pake, ndipo anaona pamene anafika pomvetsa. Sanakuwe, sanatukwane. Misozi inangotsika cham'mbali kulowa m'makutu. Zala zija zinabwerera m'bulangete.

"Vroni, ndimati..."

"Tiyeni," anatero Vroni kwa amuna ovala zofiira aja.

Anamunyamula kupita ku ambulansi. Burgi anatsatira akupunthwa ndi jombo zake zouma, koma atafika pachitseko anamva mng'ono wake akuuza namwino kuti akwere ndi amayi okha. Mayi awo anamusisita patsaya, osadziwa kanthu, n'kumuuza kuti apite akalandire mphoto yake, abwere madzulo kuchipatala. Chitseko chinatsekedwa. Galimoto inatsika msewu wokhotakhota ija pang'onopang'ono, kuopa kugwedeza bondo.

Burgi anaima pomwepo mpaka a Ladurner anamupeza.

"Usadandaule, ndi mwana uja, achira," anatero, akupukuta mphuno. "Tsono tamvera. Lolemba galimoto ya timu inyamuka m'mamawa, ubwere ndi matabwa ako onse. Akufunanso kudziwa za jekete la timu. Umavala saizi yanji?"

"Yapakati," anatero Burgi.

Anamva mawu ake omwe akutuluka bwinobwino, osanjenjemera, ndipo anadziwa kuti Lolemba adzakhala m'galimoto imeneyo.